Mayeso a Chibama, nandolo ndi agogo a ku Nyaung-U

Lamulungu, 1 Disembala 2019, Yangon

Kwatsala masiku 12. Lachisanu pa 13 ndidzakhala pampando moyang'anizana ndi aphunzitsi awiri omwe sindinawaonepo, ndipo kwa mphindi 30 adzandifunsa chilichonse chowabwerera m'mutu, m'Chibama. Ndikakhoza, bungwe lomwe ndikuligwirira ntchito lidzandilola kupita kumidzi ndekha chaka chamawa. Ndikalephera, ndikhalabe mlangizi wolankhula ndi alimi kudzera pakamwa pa mnyamata wa m'tauni yemwe sanagwirepo khasu.

Kwa inu amene mwangondipeza kumene: kwathu ndi ku Chiradzulu, ntchito yanga ndi ya mbewu za gulu la nyemba, makamaka nandolo, ndipo kuno ku Myanmar ndatha miyezi 9. Chilankhulo chachikulu cha kuno m'mabuku amachitchula Myanma, koma pocheza amati Bama, n'chifukwa chake ine ndimangoti Chibama. Amene anachiyamwira amaposa 30 miliyoni.

Sayama, ndiye kuti aphunzitsi anga aakazi, ndi amene andithamangitsa mu Yangon. Akuti mumzinda muno ndikunenepa ndi mabodza, ndipo sakunama. Ndikangoti "mingalaba", woyendetsa takisi amayamba "taw de, taw de", kundiuza kuti ndine katswiri. Ndikalakwitsa palibe wondiwongola. Anthu a kuno ali ndi khalidwe lomwe amalitcha anade, kuopa kuchititsa mnzako manyazi mpaka kulolera kuvutika iwe mwini. Ndi ulemu wokoma, koma kwa wophunzira chilankhulo uli ngati sikelo yowonjezera makilo: umachokapo ukumwetulira, thumba lili lomwe lija.

Tsiku limodzi lokha ndi limene analephera kudzigwira. Mwezi wanga wachiwiri, ndili pamalo omwera tiyi, ndinaitana mnyamata woperekera n'kumaliza mawu anga ndi "shin", monga ndinkawamvera Sayama. Tebulo lonse la madalaivala linagwa nako kuseka. Kuno mwamuna ndi mkazi satchula "ine" mofanana. Mwamuna amati kyanaw, lomwe limamveka ngati "chano", ndipo mwaulemu amamaliza ndi khinbya. Mkazi amati kyama, n'kumaliza ndi shin. Ine bambo wandevu zanga ndinakhala masabata asanu ndikulankhula ngati mayi, anthu akungondiyamikira.

Lolemba, 2 Disembala, Yangon

Ndisananyamuke ndati ndikayese manambala ku Bayintnaung, msika waukulu kumene amalonda a nyemba, mphodza ndi nandolo amakambirana mitengo. Ndinakwera basi dala. Mabasi ambiri a kuno manambala ake ndi a Chibama, ndipo 4 wawo, ၄, amafanana kwambiri ndi 9 wathu. Miyezi yoyambirira chilembo chimenechi chinandionetsa madera a Yangon omwe sindinafune kuwaona.

Pamsika samawerenga ngati ife. 10,000 ali ndi dzina lakelake, thaung, 100,000 ndi thein, ndipo wamalonda akamatchula mtengo wa tani amangoti ma thein akuti. Kulemera amayeza mu peiktha, yomwe ndi makilo pafupifupi 1.6. Ndiye munthu akukuuza mtengo mothamanga, chingamu cha masamba ndi laimu chili m'kamwa, iwe m'mutu ukusintha thein kukhala kwacha, peiktha kukhala kilo. Ndinagwira mitengo itatu mwa isanu.

Powerenga zinthu palinso msampha wina. Chilichonse chili ndi kamawu kake kotsatira nambala: anthu ndi yauk, nyama ndi kaung, zinthu zozungulira ndi lone, makapu a tiyi ndi khwet. Tsopano ndikuwamvera chisoni azungu obwera kumidzi kwathu, omwe tinkawaseka akamasokoneza chimodzi, limodzi, umodzi ndi kamodzi.

Komatu pali zina zomwe Chichewa chinandipatsa ulele. Mnzanga wa ku Ulaya yemwe ndimaphunzira naye amatuluka thukuta ndi mawu oyamba ndi ng'. Ine wokulira pa ng'ombe ndi ng'oma ndinangodutsa. Nsomba amati nga, ndi ng' yathu ija, zisanu amatinso nga, choncho nsomba zisanu ndi "nga nga kaung". Kusiyanitsa ka ndi kha, pa ndi pha, kwa ife n'kumwa madzi. Chondipha ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. "Sa" wotsika ndi zolembedwa, "sa" wokwera ndi wautali ndi kudya, "sa" wamfupi wokhala ngati wafinyidwa pakhosi ndi kuyamba. Ndinkadandaula mpaka Sayama atandifunsa ngati kwathu kulibe zoterezi. Ndinati kulibe. Ndili pabedi usiku ndinakumbukira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Timazichita tsiku ndi tsiku, kungoti sitizilemba. Iwo amazilemba, ndipo amazimva.

Lachiwiri, 3 Disembala, pa depoti ya Aung Mingalar

Mlongo wanga, yemwe ndi namwino ndipo akulimbana ndi IELTS kuti apite ku Britain, wandifunsa ngati mayeso angawa ndi ofanana ndi ake. Ayi achemwali. Chingerezi chili ndi IELTS, Chijapani chili ndi JLPT, Chitchaina chili ndi HSK, mayeso omwe satifiketi yake ukaitulutsa kulikonse anthu amagwedeza mutu. Chibama chilibe mayeso amodzi otchuka chotero. Mlendo wofuna pepala amayenda njira zosiyanasiyana. Ena amalembetsa ku Yangon University of Foreign Languages, sukulu yomwe inayamba mu 1964 ndipo imaphunzitsa alendo Chibama mpaka dipuloma; ophunzira ambiri kumeneko ndi ochokera ku China, Korea ndi mayiko ena a ku Asia konkuno. Palinso mayeso otchedwa Myanmar Language Test omwe anayambitsidwa ndi bungwe lina la ku Japan. Boma la America, pophunzitsa akazembe ake, limaika Chibama m'gulu la zilankhulo zovuta, zofuna masabata 44, maola pafupifupi 1,100 a m'kalasi. Ine maola anga sanakwane ngakhale theka la amenewo.

Anga ndi okonzedwa ndi kuntchito. Aitana aphunzitsi awiri akunja kwa bungwe, ndipo adzandiyeza pa makwerero a ku Ulaya aja oyambira A1 mpaka C2. Akufuna B1, kutanthauza munthu woti atha kudziyendera yekha, kufotokoza zomwe zamuchitikira, ndi kupereka zifukwa mwachidule.

Kuyeza alendo chilankhulo si za lero. Nthawi ya atsamunda, Angerezi ogwira ntchito za boma ku Burma, dzina lakale la Myanmar, ankalemba mayeso a Chibama, monganso anzawo ku Nyasaland ankalembera a Chinyanja. Boma lomwelo, nzeru yomweyo: wokhometsa msonkho azimva zomwe okhoma akunong'onezana. Asanabwere iwo kunali mmishonale wa ku America, Adoniram Judson, yemwe anafika ku Rangoon, Yangon wa lero, mu 1813 n'kudzamaliza kumasulira Baibulo mu 1834. Zaka 21. Ine miyezi 9 yokha ndayamba kale kulira.

Chinandichepetsa ndi ichi. Dzana Lamulungu linali tsiku la JLPT, ndipo achinyamata zikwizikwi a mu Yangon anakalemba. M'misewu ya kuno sukulu za Chijapani ndi Chikoreya zili mbwee, chifukwa pepala limenelo ndi khomo lopitira kukagwira ntchito kunja. Mtsikana wogulitsa matikiti pano ali ndi kabuku ka zilembo za Chijapani pansi pa kauntala. Iye akalephera, banja lonse lalephera. Ine ndikalephera ndingopitiriza kuyenda ndi womasulira, malipiro osasintha.

Basi yopita ku Nyaung-U, tauni yoyandikana ndi mzinda wakale wa Bagan, inyamuka 8 koloko usiku uno.

Lachitatu, 4 Disembala, Nyaung-U

Kuzizira kwa m'basi ya usiku ya kuno kumaposa Dedza mu Juni. Makina oziziritsa amawatsegula mpaka kumapeto, anthu n'kumafunda mabulangete. Tafika kusanache, ndalipira ma kyat 25,000 omwe chaka chino cha 2019 mlendo aliyense akupereka polowa dera la Bagan, ndamwa mohinga, msuzi wa nsomba wothira timizere ta ufa wa mpunga, ndipo ndagona mpaka masana.

Madzulo ndayenda pang'ono. Kuno palibe wandipatsa "mingalaba" kupatula ogulitsa zinthu kwa alendo. Moni ameneyo anafalikira kudzera m'sukulu, ndipo anthu wamba sapatsana kawirikawiri. Amafunsana kuti wadya mpunga kale, kapena ukupita kuti. Ndinamva ngati ndili pa Mbulumbuzi: "Ulendo wakuti?" Suyenera kufotokoza zonse. Ukangoti "chauko" zatha.

Lachinayi, 5 Disembala, Bagan

Ndabwereka kanjinga kamagetsi. Alendo anzanga amathamangira kukajambula dzuwa likutuluka pakati pa akachisi, omwe alipo oposa 2,000 m'chigwa chino, ndipo chaka chomwe chino UNESCO yaika Bagan pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ine ndinalunjika ku mudzi wa Myinkaba kukaona mwala umodzi.

Mwala wa Myazedi ndi chipilala cha mbali zinayi, chosemedwa cha m'ma 1113. Mbali iliyonse ili ndi nkhani imodzimodzi koma m'chilankhulo chake: Chibama, Chimon, Chipyu ndi Chipali. Ndi chimodzi mwa zolembedwa zakale kwambiri za Chibama, ndipo chinathandiza akatswiri kuyamba kuwerenga Chipyu, chomwe olankhula ake anatha kalekale. Zipilalazi zilipo ziwiri. Chinacho chili kunyumba yosungira zakale ya ku Bagan konkuno.

Nkhani yake ndi imene inandikhudza. Analembetsa ndi Yazakumar, mwana wa mfumu Kyansittha. Ufumu unamudumpha n'kupita kwa mdzukulu wa mfumuyo. Bambo ake atadwala mwakayakaya, iye m'malo mosunga mangawa anapanga fano lagolide la Buddha n'kulipereka m'dzina lawo, pamodzi ndi midzi itatu ya akapolo yoti izisamalira kachisi. Za midzi itatuyo anthu ofotokozera alendo amadutsapo msanga. Ine ndinaima n'kumaganiza kuti anthu a m'midziyo anawafunsa m'chilankhulo chiti mwa zinayizo.

Ndinayesa kuwerenga mbali ya Chibama. Ndinagwa chagada. Zilembo za pamwalapo ndi zamakona, pomwe za masiku ano ndi zozungulira ngati mazira a nkhunda. Akuti zinazungulira chifukwa anthu ankalemba pa masamba a kanjedza ndi kachitsulo kosongoka, ndipo mzere wowongoka unkang'amba tsamba. Mpaka lero mwana woyamba sukulu amayamba ndi kujambula kabwalo, ဝ, chilembo cha wa, tsamba lonse. Inenso Sayama anandiyambitsira pomwepo, ndili ndi zaka 41. Zilembo zazikulu zilipo 33 ndipo zambiri zili ndi mayina oseketsa: ka wamkulu, kha wopindika, ta wamimba, pha wovala chipewa, ba walinunda. Ana amaziimba mokuwa ngati mmene ife tinkaimbira a e i o u pansi pa mtengo wa mango.

Lachisanu, 6 Disembala, mudzi wina kum'mawa kwa Nyaung-U

Lero ndiye ndapeza chomwe Sayama ananditumira.

Mnzanga wa kuntchito anandilumikiza ndi banja lina la alimi, n'kundisiya pakhomo pawo 9 koloko m'mawa, iye n'kupita. Dera lino ndi louma, lamchenga, mvula yake yochepa. Amalima mtedza, chitowe ndi nandolo, ndipo m'malire a minda muli mitengo yofanana ndi mivumo, yomwe amagomako uchema ndi kuphika timibulu ta shuga. Ngolo za ng'ombe zoyera zikudutsa. Ukatseka makutu ungati uli ku Chikwawa.

Mwini khomo ndi gogo wamkazi wazaka za m'ma 70, masaya opaka thanaka, phala lachikasu lopera kuchokera ku mtengo, ndudu yaikulu yamasamba ili kukamwa. Ndinawatchula Ahpwa, ndiye kuti agogo. Ndinapereka moni wanga wokonzakonza, ndinafotokoza kumene ndachokera ndi ntchito yanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa mdzukulu wawo n'kufunsa mokweza kuti, "Akuti chiyani ameneyu?"

Abale, miyezi 9 ya "taw de" inathera pomwepo.

Agogowa anade alibe, kapena anaimaliza kalekale. Ndikatchula mawu molakwika sankayerekeza kuti amva. Ankangokhala duu mpaka nditabwereza bwino, apo ayi ankawatchula okha mokalipa ngati akuitana mbuzi. Dzina la nandolo, pe-sin-ngon, lomwe ndalitchula kambirimbiri m'misonkhano ya ku Yangon anthu n'kumagwedeza mitu, anandibwerezetsa kasanu ndi kamodzi. Nditawapempha kuti alankhule pang'onopang'ono, anangokweza mawu, liwiro lomwe lija.

Koma titalowa m'munda zinthu zinasintha. Nandolo wawo ndi wamtali kundiposa, makoko ayamba kukhwima. Ndinatsegula khoko limodzi, ndinapeza mbozi, ndinawaonetsa. Anatchula dzina lake, ine ndinatchula lathu. Kuyambira pamenepo tinali alimi awiri, ndipo mawu omwe ndinalibe ankapezeka m'manja.

Kenaka anayamba kudandaula za chaka chomwe mtengo unagwa. Ndinamva mawu oti India, ndinamva "zaka ziwiri zapitazo", ndipo tsitsi linandiimirira, chifukwa nkhaniyo ndikuidziwa ngati dzina langa. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, lomwe limagula pafupifupi nandolo yense wogulitsidwa kunja, linalamula kuti lizilowetsa matani 200,000 okha pachaka. Chikalata chimodzi cha ku New Delhi chinagwetsa mtengo ku Myanmar ndi ku Malawi mwezi womwewo. Ndinawauza, m'Chibama changa chothyokathyoka, kuti mayi anga ku Chiradzulu anaunjika matumba m'chipinda mpaka anafumbwa, mavenda akupereka ndalama yosakwana ngakhale kulipira wonyamula. Agogo anachotsa ndudu kukamwa. Anafunsa kuti kwanuko n'kutali bwanji. Ndinati ndege zitatu. Anapukusa mutu n'kunena mawu ena okhudza amalonda omwe mdzukulu wawo anakana kundibwerezera.

Chinawadabwitsa koposa n'chakuti ife nandolo timadya. Kuno ambiri amangolimira kugulitsa. Ndiye ndinayamba kuwafotokozera za nandolo wamuwisi wowiritsa ndi makoko ake, ndi wouma wothira tomato ndi anyezi wodyera nsima. Pofika pa mchere ndinapunthwa. Mchere ndi hsa wokwera, njala ndi hsa wotsika. Agogo anamva kuti mlendo ali ndi njala, pomwe tinali titangodya kumene. Anakalipira mpongozi wawo, mpunga wina unabwera, ndi ndiwo za mafuta ambiri ndi nsomba yowola yothira tsabola yomwe amaitcha ngapi. Ndinadya kawiri, ndi manja ngati kwathu, thukuta lili kamukamu. Anade uja anandigwira ineyo.

Potsanzikana sananditchulenso "ameneyu". Anati tha, mwana wanga. Anatinso pakamwa panga m'polemera ngati pa ng'ombe, koma mutu ulipo.

Loweruka, 7 Disembala, Nyaung-U

Mimba yakwiya ndi ngapi. Ndakhala m'chipinda.

Mdzukulu wa agogo wanditumizira uthenga pa Viber koma wafika uli zilembo zobalalika, timizere tokwerana. Vuto si ine ulendo uno. Kwa zaka zambiri mafoni a kuno ankagwiritsa ntchito kalembedwe kotchedwa Zawgyi, kosagwirizana ndi Unicode ya dziko lonse. Boma linalengeza zosamukira ku Unicode pa 1 Okutobala chaka chino, koma kumidzi mafoni ambiri akadali pa chakale. Ndamupempha kuti azingojambula mawu.

Ndayesa kuwerenga nyuzipepala. Mawu sasiyanitsidwa ndi mipata monga kwathu, ndiye umayenera kudziwa wekha pothera liwu. Kalembedwe ndi katchulidwe zinasiyana njira kalekale. Dzina la Bagan lenilenilo likalembedwa limaoneka ngati Pugam. Eni ake ali ndi mwambi woti polemba tsata cholondola, powerenga tsata kamvekedwe. Ndatha ndime ziwiri mu ola limodzi.

Lolemba, 9 Disembala, Mandalay

Dzulo ndinali pamsewu. Lero m'mawa ndinapita ku kachisi wa Kuthodaw, m'munsi mwa phiri la Mandalay. Mfumu Mindon inalamula kuti malemba onse opatulika a Chibuda asemedwe pa miyala 729 ya nsangalabwi yoyera, uliwonse m'kanyumba kake, ndipo ntchitoyo inatha mu 1868. Zilembo ndi za Chibama koma chilankhulo ndi Chipali. Ndinatha kutchula mizere ingapo mokweza popanda kumva kanthu, ngati agogo anga aamuna akuyankha Misa ya Chilatini.

Mmonke wina wachikulire anandimva n'kundiitana. Apa ndiye panali mayeso ena, chifukwa ndi amonke sulankhula Chibama cha pamsewu. "Ine" amasanduka tabyidaw, wophunzira wanu. Iwo umawatchula ashin hpaya. Kudya kwawo ndi kuyenda kwawo kuli ndi aneni akeake, osiyana ndi a ife anthu wamba. Ndinayesetsa, ndipo zinkayenda, mpaka nditafuna kufunsa ngati amakhala ku nyumba ya amonke yapafupi. Nyumba ya amonke ndi kyaung wokwera, liwu lomwelonso ndi sukulu, poti kale ana ankaphunzirira kwa amonke. Kyaung wotsika ndi mphaka. Bambowo sanaseke. Anangotchula liwulo kawiri, chala chikuloza m'mwamba, n'kudikira kuti ndibwereze.

Chodabwitsa china: kuno ku Mandalay amayi ambiri amati kyanaw ngati amuna. Ndikanadziwa ndikanauza madalaivala aja kuti zinthu zimasinthana.

Masana ndinadya kwa mayi wina wogulitsa zakudya za Chishan. Anandiuza kuti nayenso Chibama anachiphunzira kusukulu, ali ndi zaka 6, aphunzitsi asakudziwa liwu ngakhale limodzi la kwawo. Boma la kuno limawerenga mitundu 135, ndipo Ashan, Akaren, Akachin, Achin, Amon ndi ena ali ndi zilankhulo zawo, zomwe kwa zaka zambiri za ulamuliro wa asilikali zinalibe malo m'sukulu za boma. Mwana wa kumapiri amalemba mayeso onse m'chilankhulo cha eni chigwa, ndipo palibe womuwombera m'manja kuti taw de. Ndinakumbukira anzanga a ku Rumphi ndi nkhani ya 1968, pomwe Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Ife a Chichewa nkhani imeneyi timaimva ngati mbiri yakale. Iwo ayi.

Lachitatu, 11 Disembala, Mandalay

Masiku awiriwa ndi olemera. Ku khoti la dziko lonse ku The Hague kwayamba mlandu womwe dziko la Gambia lasumira Myanmar pa zomwe asilikali anachitira Arohingya, mtundu wa Asilamu a kumadzulo kwa dziko lino, omwe oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh kuyambira mu Ogasiti 2017. Aung San Suu Kyi, mtsogoleri wa boma la kuno chaka chino cha 2019, wapita mwiniwake kukaimira dziko lake, ndipo lero walankhula. M'misewu muli zikwangwani za nkhope yake, anthu akuyenda m'magulu ndi mbendera.

Munthu wakuda ndine ndekha mumsewu uno. Kuyambira dzulo anthu anayi andifunsa funso lomwelo: "Gambia la?" Ndimayankha kuti ma hote bu, ayi, Malawi. Ena amamva Malaysia, n'kundiyang'ana modabwa. Palibe wandichitira chipongwe, ndisanamizire anthu. Bambo wina pamalo a tiyi anandigulira kapu n'kuyamba kundifotokozera kuti dziko lapansi silikumvetsa. Dzina loti Rohingya sanalitchule n'kamodzi komwe. Kuno ambiri amakana kulitchula. Kenaka anandifunsa maganizo anga.

Maganizo ndili nawo. Anthu 700,000 sathawa m'nyumba zawo chifukwa cha mphekesera. Ife amene tinaona anthu a ku Mozambique akudzaza Nsanje ndi Dedza timadziwa. Koma Chibama changa ndi cha mitengo ya nandolo, cha matikiti a basi ndi cha kutsegula m'mimba. Ndinangoti nkhaniyi ndi yovuta, ana ndi amayi avutika. Anagwedeza mutu, sindikudziwa kuti anamva ana ake ati. Ndinachokapo ndikudzifunsa ngati chinandimanga ndi kuchepa kwa mawu kapena mantha, ndipo yankho lake silikundisangalatsa.

Usiku ndinatsegula wailesi ya kanema. Nkhani zimawerengedwa m'Chibama cha m'mabuku, chomwe tizidutswa take ta galamala ndi tosiyana ndi ta pocheza: pomwe pamsewu amamaliza chiganizo ndi de, wowerenga nkhani amati thi. Ndinatola mayina a mayiko basi.

Lachinayi, 12 Disembala, Yangon

Ndabwerera. Sayama anati ndisatsegule buku lero, ndipo ananditengera ku Shwedagon, nsapato m'manja, miyala ikutentha kumapazi. Kuzungulira kachisi wagolideyu kuli malo a masiku obadwira. Sabata ya kuno pa nkhani imeneyi ili ndi masiku 8, poti Lachitatu amaligawa pawiri, m'mawa ndi madzulo. Tsiku lobadwa ndi limene limasankha chilembo choyamba cha dzina la mwana, ndipo mayina a makolo kapena a mtundu kulibe. Ine ndinabadwa Lachinayi, tsiku la pa, ba ndi ma, choncho dzina lomwe anandipatsa kuntchito, Ko Malawi, linangogwera pamalo pake. Nyama ya Lachinayi ndi khoswe. Za mbewa zowamba sindinawauze.

Sayama anathira madzi pa fano la tsiku langa m'malo mwanga, ine Mkatolika ndili chilili pambali. Anati mawa ndisathamange, mneni azibwera kumapeto, ndipo ndikapanda kumva ndinene kuti sindinamve.

Lachisanu, 13 Disembala, Yangon

Chipinda chaching'ono, tebulo, kachojambulira mawu, aphunzitsi awiri: bambo wachikulire wovala paso, nsalu yomanga m'chiuno ya amuna, yomanga bwino, ndi mayi wa magalasi yemwe ankalemba osadzutsa mutu. Bamboyo ndinamutchula Saya, mayiyo Sayama, ndipo khinbya sindinamuiwale.

Anayamba ndi zofewa: dzina, banja, ntchito. Kenaka anandipatsa chithunzi cha msika kuti ndifotokoze, ndipo ndinawerenga anthu ndi yauk, nkhuku ndi kaung, mavwende ndi lone, mtima uli m'malo. Sewero linali loti ndafika pa nyumba ya alendo ndipo chipinda chomwe ndinalipira apatsa wina. Ndinadandaula mwaulemu kwambiri moti Saya anafunsa ngati chipindacho ndikuchifunadi.

Pa kuwerenga ndiye ndinagwa. Anandipatsa kandime ka m'nyuzipepala ka za kusefukira kwa madzi, kuti ndiwerenge mokweza kenaka ndifotokoze m'mawu a pocheza. Ndinakakamira pa liwu lina lalitali lochokera ku Chipali, la zilembo zosanjikizana, mpaka mayi uja anadzutsa mutu koyamba. Ndinati na ma le bu, sindikumva. Analemba kanthu.

Chakumapeto Saya anatseka fayilo n'kufunsa ngati akungocheza kuti kwanuko anthu amadya chiyani. Apa ndinakhala tsonga. Ndinawaphikira nsima, ndinawawiritsira pe-sin-ngon ndi makoko ake, ndinawauza za India ndi za matumba a mayi anga, ndipo pofika pa mchere ndinaukweza hsa uja mpaka kudenga. Palibe anabweretsa mpunga. Mphindi 30 zinakwana ndisanamalize, ndipo palibe mwa awiriwo anati taw de. Zotsatira akuti Lachitatu likudzali.

Nditatuluka ndinapeza uthenga wa mawu pa Viber, wa masekondi 40. Ndi Ahpwa, akukuwa ngati foni ili kutsidya la mtsinje. Ndaumvera kanayi nditakhala pa kampando ka pulasitiki pamalo a tiyi. Za mayeso sanafunse. Akuti athyola nandolo wamuwisi, ali mumphika, ndiye awiritse nthawi yaitali bwanji, ndipo mchere athire poyamba kapena pomaliza.

Ndajambula yankho langa mosamala, kawiri, n'kutumiza lachiwirilo. Patangopita mphindi zitatu mdzukulu wayankha: agogo akuti mubwereze, sanamve.